Ma series amene anakhoza mayeso a amayi anga

Amayi anabwera kuno ku Blantyre mu June 2025 chifukwa cha mwendo, shuga anali atawavuta ndipo adokotala anati azibwera sabata iliyonse kudzaonetsa bala, nde zobwerera ku Ntcheu zinayamba zaima kaye. Anakhala nafe miyezi itatu. Tangoganizani munthu woti moyo wake onse amadzuka tambala asanalire kupita kudimba, lero mwamukhazika pa sofa m'nyumba ya lendi ku Chilomoni, panja chiperoni chili tsaa, palibe mbuzi yoti akamangirire, palibe neba woti akangane naye za malire a munda. Pofika tsiku lachitatu anali atayamba kale kufunsa kuti minibasi za ku Ntcheu zimanyamuka nthawi yanji.

Usiku wa tsiku limenelo ine ndinali pakona ndi laputopu, mahedifoni kukhutu, ndimayesa agona. Kenako ndangomva, "Kodi inu, anthu akulirawo m'makina mwanumo, kwagwanji?" Ndinati ndi sewero chabe amayi, la ku Korea. "Nde mukuonera nokhanokha ngati mfiti bwanji?" Kkkk. Ndinadzuka kukasaka kachingwe ka HDMI kaja, kulumikiza ku TV, ndipo kuyambira usiku umenewo ntchito yanga pakhomo inasintha, ndinasanduka DJ wa video show.

Amene munakulira ku Ndirande, ku Bangwe kaya ku Kawale mukudziwa zomwe ndikunena, kanyumba kamdima kaja, mabenchi, sipika ili panja kukuwa, mkati filimu ya makaratedi wina akumasulira m'Chichewa n'kumaonjezera zake zoti mwini filimu sanaziganizeko. Ine ndinakulira zimenezo. Kenako kunabwera ma DVD a Prison Break obwerekana mpaka atakandika n'kumaima pamalo pokoma penipeni. Amayi iwo mbali yawo ndi Sewero la Sabata Ino pa wailesi, ndi Tikuferanji ya Manganya akapeza TV, nde nkhani ya sewero lopitirira sabata ndi sabata si yachilendo kwa iwo ayi. Chachilendo chinali choti episodi ikatha ina imayamba yokha osadikira sabata yamawa. Netflix, yoonerapo mafilimu ndi ma series pa intaneti, inafika kuno mu January 2016 pomwe anatsegula m'maiko 130 nthawi imodzi, koma ine ndinalowa mochedwa, si nanga bandulo.

Tsono amayi sadziwa actor olo mmodzi, za ma rating alibe nazo ntchito, Chingerezi amamva cha apo ndi apo. Mafunso awo amakhala atatu basi: walakwa ndani, akuvutika ndani, nanga abale ake ali kuti. Ndikaimitsa kaye n'kufotokoza m'Chichewa mwachidule iwo n'kutenga mbali pompo, ndimadziwa kuti series iyi ili ndi mnofu. Koma ndikafotokoza mpaka kukhosi kuuma iwo akungoti "mhm" kenako mutu wayamba kugwa, ndiye kuti yalephera. Ndipo ndinachita manyazi kuona kuti ma series ambiri amene ndinkawatama kuntchito ndi phokoso chabe, ukawavula nyimbo, magalimoto ndi mfuti sipatsala kanthu koti n'kumuuza munthu.

Imene inkawaliritsa anthu m'makina mwanga ija inali When Life Gives You Tangerines, ya ku South Korea, inatuluka mu March 2025, ma episodi 16. Tinayambiranso pachiyambi. Nkhani yake ikuchitikira pachilumba cha Jeju, ndipo ikutsata mtsikana Ae-sun kuyambira ali mwana m'zaka za m'ma 1960 mpaka kukalamba. Mayi ake ndi mmodzi mwa azimayi aja amawatchula kuti haenyeo, amene amamira pansi pa nyanja opanda botolo la mpweya kukatola nkhono zogulitsa, ndipo amalumbira kuti mwana wake sadzagwira ntchito imeneyo. Mayiyo amafa Ae-sun akadali wamng'ono. Ae-sun amafuna kupita ku koleji, amafuna kulemba ndakatulo, koma umasiye umamukhazika pamsika kugulitsa kabichi, mwamanyazi nkhope ataibisa ku buku, amene akuitanira makasitomala n'kukhala kamnyamata ka Gwan-sik kamene kamamutsatira kuyambira ali ana.

Apa sindinavutike kumasulira. Ndangoti mayi ake amwalira, mwanayu akukhala kwa achibale kumene akumuona ngati wantchito, amayi anati "eya, mwana wamasiye", ngati akumudziwa. Pali pena pomwe banja la kwa mwamuna likudya, amuna patebulo pawo ndi ndiwo zabwino, akazi ndi ana aakazi chapambali ndi zotsala, kenako Gwan-sik amangotembenuka ndi mbale yake kukadya ndi mkazi wake ndi mwana wake wamkazi, nyumba yonse kukamwa yasa. Amayi anawomba m'manja kamodzi. Anati, "Bambo anu akanachita zimenezo agogo anu akanaitanitsa ankhoswe." Madamu anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Kenako amayi anakhala chete pang'ono n'kuti, "Koma ndi mwamuna ameneyu."

Chomwe series iyi imachita bwino ndi nkhani ya makolo kudzimana. Mwana wawo wamkazi akhoza kupita ku yunivesite ku Seoul, makolo akugulitsa zomwe anavutikira zaka kuti iye apite patsogolo, iye akaimba foni kumudzi amangowakalipira, foni ikadulidwa n'kuyamba kulira yekha. IU, woimba wotchuka wa kumeneko, ndi amene akusewera Ae-sun ali mtsikana komanso mwana wakeyo atakula, zomwe zinawasokoneza amayi masiku awiri, amati "uyu si yemwe uja, wabadwanso?" Ine pamalo ambiri ndinkamasulira maso ali pa TV osayang'ana kumbali, chifukwa ng'ombe ziwiri zimene zinagulitsidwa kuti ine ndimalize sukulu mwini wake anali pompo pa sofa, mwendo pa stulu. Ngati muonere imodzi yokha pa zonse ndatchule pano, ikhale imeneyi. Ndi yodekha, ma episodi ake ndi pafupifupi ola lathunthu, nde amene mumafuna mfuti mphindi zisanu zilizonse mudzatopa, pitani kwina.

Titamaliza ndinaganiza zowaonetsa Squid Game, poti ndi ya ku Korea komweko ndipo dziko lonse linapenga nayo mu 2021. Madamu anati ayi magazi achuluka. Ndinakakamira. Amene simunaionere, anthu 456 omira mu ngongole amatengedwa kupita kumalo obisika kukasewera masewera a ana, wopambana atenga ma won (ndalama za ku Korea) 45.6 biliyoni, wolephera amaomberedwa pompo, ndipo aliyense akafa ma won 100 miliyoni amagwera mu chinkhumba chagalasi chopachikidwa kudenga onse akuona. Ndinawauza amayi kuti zili ngati kusonkhanitsa onse othawa katapila ndi banki mkhonde n'kuwauza kuti sewerani phada kapena fulaye, wophonya wafa. Pa sewero loyamba la chidole chachikulu chija anadziphimba kumaso ndi chitenje koma diso limodzi lili panja.

Chimene ndinaiwala ndi episodi yachiwiri, imene kwa ine ndi yabwino kuposa onse ngakhale mulibe sewero lililonse. Anthu 201 otsala amavota kuti abwerere kwawo, amabwereradi, kenako moyo wakunja umawafinya mpaka 187 amabwerera okha kumasewera, podziwa bwinobwino kuti kuli imfa. Ndipo m'menemo ndi momwe Gi-hun, mwini nkhani amene anaba khadi ya ku banki ya mayi ake kukabetcha mahatchi, amapeza kuti mayi akewo ali ndi shuga, mapazi awonongeka, ndipo akutuluka m'chipatala okha chifukwa ndalama palibe komanso akagona lendi alipira ndani. Ndinafika pakati pomasulira mawu anandithera. Pabalaza panali zii. Amayi anayang'ana bandeji yawo, kuyang'ana TV, kenako anati, "Pitirizani, mwaimiranji?"

Munthu amene anawakwiyitsa zedi ndi Sang-woo, wophunzira uja amene mayi ake ogulitsa nsomba pamsika amangomutama kwa aliyense kuti mwana wanga anapita ku Seoul National University, osadziwa kuti anadya ndalama za anthu. Zimene anamuchita Ali, mnyamata wa ku Pakistan wobwera kudzagwira ganyu amene bwana wake sankamulipira, amayi sanamukhululukire mpaka lero. Sizoni yoyamba ili ndi ma episodi 9 ndipo ndi yokwanira payokha. Yachiwiri ya December 2024 ndi yachitatu ya June 2025 ndinaonera ndekha, zili bhobho koma kudabwa kuja kunatha kale, uli ngati ukudya mkute.

Ndinene kaye za bandulo poti ndikudziwa wina afunsa. Sabata yoyamba ndinaonongeka, bandulo ya mwezi inatha masiku asanu, chifukwa ndinali ndisanasinthe ma setting. Pa HD ola limodzi limatha kudya mpaka 3GB, pa standard pafupifupi 1GB, koma ukatsitsa pa low ndi 0.3GB basi. Zimasinthidwa mu account pa playback settings, ndipo profile iliyonse ili ndi zake, nde ukasintha yako yokha ana akupitirizabe kukumaliza mbali inayo. Pa low chithunzi chimachita ngati pali kachifunga koma amayi sanadandaulepo, amati bola anthu akuoneka. Pafoni pali Save Data imene imakupatsa pafupifupi maola 6 pa 1GB. Njira ina ndi kudawuniloda pafoni pomwe pali wifi, ine ndimapangira kwinakwake kumene sinditchula chifukwa mwina abwana amawerenga, kkkk. Zodawuniloda zija zinatipulumutsa masiku a blakauti, foni itatsamira chitini cha shuga wa tiyi patebulo, pawa banki kumbuyo, mitu itatu pamodzi ngati tikuwotha moto. Kulipira ndi madola kudzera pa khadi, nde kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tinaimva ngakhale mtengo wa madolawo sunasinthe. Komanso dziwani kuti zomwe msuweni wanu akuonera ku Leeds si zonse zimapezeka kuno, dziko lililonse lili ndi mndandanda wake, nde musamakangane pa WhatsApp kuti wina akunama.

Tibwere kufupi. Ya ku South Africa imene inakhoza ndi ma distinction ndi Unseen ya 2023, ma episodi 6 sizoni yoyamba. Gail Mabalane akusewera mayi wokolopa m'nyumba ndi m'maofesi a anthu ku Cape Town, dzina lake Zenzi Mwale. Dzina lokhalo linawakoka amayi, kuyambira pomwepo anali "a Mwale aja" ngati wa m'mudzi mwathu. Mwamuna wake amayenera kutuluka kundende koma tsiku lotuluka wasowa, iye akuyamba kumusaka, akulowa m'manja mwa zigawenga, ndipo anthu akuyamba kufa kulikonse wadutsa. Koma palibe amene akumukayikira, chifukwa ndani amayang'ana wokolopa? Amadutsa pamaso pa apolisi ndi ndowa yake ndi mopu iwo osamuona n'komwe. Anaitenga ku series ya ku Turkey yotchedwa Fatma koma yakhala ngati inabadwira ku Cape Town konko.

Inatigwira chifukwa mudzi uliwonse kwathu uli ndi munthu ku Joni, ndipo ambiri mwa alongo athu kumeneko ntchito yake ndi yomweyi, kuchapa, kusita, kulera ana a eni. Mwana wa azakhali anga ali konko zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, zithunzi amatumiza ali pagombe atavala magalasi, koma amayi ataona Zenzi akudzuka kusanache kukwera basi, landilodi akumuvutitsa, mabwana akulankhula za iye ali pompo ngati ndi mpando, anati, "Ndiye ndi mmene akukhalira mwana uja eti." Mawa lake anandiuza kuti ndimuimbire pa WhatsApp angomva mawu ake. Kunena zoona chakumapeto nkhani imalowa za mabanki ndi akuluakulu akuba ndalama, pamenepo ndinavutika kumasulira chifukwa ine ndemwe ndinasokonezeka, koma nkhope ya mayi uja yokha imakunyamula mpaka kumapeto.

Blood & Water ya 2020 nayo ndi ya ku Cape Town ndipo poyambira pake ndi pamphamvu. Banja la Khumalo mwana wawo woyamba anabedwa ali khanda, zaka 17 zadutsa koma chaka chilichonse amagulabe keke ya tsiku lake lobadwa, mng'ono wake Puleng akukula mumthunzi wa munthu amene sanamuonepo. Tsiku lina ku pate akumana ndi Fikile, katswiri wosambira wa pasukulu ya ana olemera, mtima n'kumuuza kuti uyu ndi mkulu wanga, mpaka kusamukira kusukulu imeneyo kuti afufuze. Zofanana ndi zimenezi zinachitikadi mumzinda omwewo, khanda linabedwa m'chipatala mu 1997 n'kudzapezeka mu 2015 litakumana ndi mng'ono wake pasukulu. Amayi nkhani ya mwanayo anaikonda, vuto ndi ana asukuluwo, mowa, ma pate, kupsopsonana pena paliponse. Ine chala chinali pa rimoti nthawi zonse ngati mlonda, ndikalumphitsa iwo amati "mwadumphatu apa", ine "netiweki amayi". Anafunsa kuti kodi ana amenewa amalowa m'kalasi nthawi yanji. Ine ndinganene kuti sizoni yoyamba ndi yachiwiri zikukwanirani, ndipo musaonere ndi apongozi. Pomwepo pali Queen Sono ya Pearl Thusi, imene inali series yoyamba ya Netflix yopangidwa mu Africa mu February 2020, ya ukazitape, koma inathera sizoni imodzi nthawi ya Covid, nde ukamaliza umangotsala m'malere.

Zolephera mayeso zinalipo, ndipo ina mundida nayo. Money Heist. Eee ndanena. Ndinkaikonda ngati wina aliyense, maovolosi ofiira, zigoba za nkhope ya Dalí, akuba odzipatsa maina a mizinda, Tokyo, Berlin, Nairobi, Denver, pulani ya mtsogoleri wawo Professor yolowa mu nyumba yosindikizira ndalama ku Madrid kuti asindikize zawo m'malo moba za munthu. Ndinafotokoza zonsezo mwamphamvu. Amayi anafunsa kuti, "Ndiye ndi akuba?" Ndinati eya koma. "Nanga ife tikuwasapota chifukwa chani?" Ndinayesa kunena za boma ndi mabanki, iwo anati wakuba ndi wakuba, episodi yachitatu anagona. Nditaiganizira bwino, kuba koyamba kuja kumene kunapangidwira TV ya ku Spain mu 2017 n'kokoma ndithu, koma zotsatira za ku Bank of Spain ndi kukuwa, kukondana pakati pa zipolopolo, ndi Professor kukhala ndi pulani ina m'thumba nthawi iliyonse zikavuta. Imakoma ukamaonera, mawa lake sukumbuka chomwe chinachitika.

The Crown inagwa pakati. Ndi masizoni 6, ma episodi 60, moyo wa Mfumukazi Elizabeth kuyambira ukwati wake mu 1947, ndipo amene akusewera mfumukaziyo amasintha masizoni awiri aliwonse, Claire Foy, Olivia Colman, kenako Imelda Staunton. Amayi anachita chidwi poyamba chifukwa amakumbuka 1979 pomwe mfumukaziyi inabwera ku Malawi nthawi ya Kamuzu, akuti anamvera pa wailesi kwa aphunzitsi ena. Episodi imene bambo ake amamwalira mu 1952 iye ali ku Kenya, mtsikana wa zaka 25 n'kubwerera kwawo ali mfumu, anaimva bwino, nkhani za kulowa ufumu kwathu si zachilendo. Ya Aberfan mu sizoni yachitatu, pomwe chimulu cha zinyalala za mgodi wa malasha chinagumukira sukulu ku Wales mu 1966 n'kupha anthu 144, mwa iwo ana 116, inatikumbutsa za Freddy ndi matope otsika m'phiri la Soche, tinaonera mwakachetechete. Koma zinazo amati, "Anthu ali ndi chilichonse, akudandaula chani?" Ine ndimaikondabe, koma muzikumbukira kuti zokambirana za kuchipinda zija ndi zopeka za wolemba, musamakazinene ngati mbiri.

Breaking Bad sindinkayembekezera kuti ingakhoze. Ndi yakale, 2008 mpaka 2013, ma episodi 62, nde tinangofika nayo sizoni yachiwiri. Walter White ndi mphunzitsi wa chemistry ku Albuquerque, malipiro sakwana mpaka akaweruka amakagwira ganyu kotsuka magalimoto, ana ake a sukulu akumuseka akupukuta matayala. Wangokwanitsa zaka 50, apezeka ndi khansa ya m'mapapo, mkazi ali woyembekezera, nde aganiza zophika mankhwala ozunguza bongo ndi mnyamata amene ankamuphunzitsa kale kuti asiyire banja kenakake. Malemu bambo anali mphunzitsi wa pulayimale, nde za mphunzitsi wosauka amayi sanafunikire DJ. Anamumvera chisoni mpaka pomwe anzake akale olemera anadzipereka kuti alipira chithandizo chonse iye n'kukana. Pamenepo anatembenuka. "Uyu si za banja ayi, ndi kudzikuza." Ine zinanditengera masizoni asanu kuti ndione zimenezo, iwo episodi yachisanu atamaliza naye kale. Mukaimaliza pitani ku Better Call Saul, ya loya wake uja, imayenda pang'onopang'ono koma ine ndimaiika pamwamba pa inzakeyo, tikangane mu inbox.

When They See Us ndi ma episodi 4 okha koma tinatenga sabata ziwiri chifukwa amayi amati mtima ukufuna kupuma. Ndi nkhani yoona, Ava DuVernay anaipanga mu 2019. Mu 1989 mayi wina anagwiriridwa n'kuvulazidwa koopsa akuthamanga ku Central Park ku New York, apolisi anagwira anyamata asanu, akuda ndi wina wachi Latino, a zaka 14 mpaka 16, kuwapanikiza maola ambirimbiri mpaka anavomera zomwe sanachite. Wamkulu wawo Korey Wise sanali n'komwe pa mndandanda, anangoperekeza mnzake ku polisi, koma poti anali ndi zaka 16 anamutumiza kundende ya akuluakulu komwe anakhala zaka zoposa 12. Mu 2002 wolakwa weniweni anaulula yekha, DNA n'kugwirizana, ndipo mu 2014 mzinda wa New York unawalipira madola 41 miliyoni. Amayi pa za ndalamazo anangoti, "Ubwana wawo agula kuti?" Chimene sanamvetse ndi choti izi ndi ku America kumene aliyense amalota kupita. Episodi yomaliza, ya Korey yekha mu selo, musaionere usiku muli nokha.

Imodzi yokha sindinaonere ndi amayi, tinaonera awiri ndi madamu ana atagona. Adolescence, ya ku England, March 2025, ma episodi 4, ndipo episodi iliyonse anaijambula kamodzi n'kamodzi kamera osaimitsa osadula, ola lathunthu, moti umakhala ngati nawe uli m'chipindamo ndipo palibe pothawira. Imayamba m'mamawa apolisi amfuti akuthyola chitseko cha banja wamba, bambo ndi pulambala, kudzagwira Jamie wa zaka 13 pa mlandu wopha mtsikana wa pasukulu pake. Kamwana koti ndi mantha kanadzikodzera. Siikubisira kuti wapha ndani, pofika kumapeto kwa episodi yoyamba waona kale. Funso ndi loti zinatheka bwanji, mwana wa pakhomo pabwino, osamenyedwa, osagona ndi njala. Yankho likuzungulira pafoni ndi kompyuta, kunyozana kwa pa Instagram kudzera tizithunzi timene akuluakulu amaona ngati n'tosewera, ndi amuna a pa intaneti ophunzitsa anyamata kudana ndi akazi. Episodi yachitatu ndi anthu awiri basi m'chipinda, Jamie ndi mayi woona za maganizo, koma ndinatuluka thukuta mu July. Owen Cooper amene anasewera Jamie inali ntchito yake yoyamba ndipo anapata nayo mphoto ya Emmy ali ndi zaka 15.

Kumapeto makolo aja akukambirana kuti mwana ankangokhala kuchipinda kwake chitseko chotseka, ife timati ali pabwino poti sali kunja. Mwana wathu woyamba ali ndi zaka 12, foni tinamugulira tokha ya ma assignment, ndipo timanyadira kuti sayendayenda. Madamu anadzuka osanena kanthu kupita kuchipinda kwa anyamata, anapeza kuwala pansi pa bulangete, 11 koloko usiku. Panopa mafoni onse amagona kuchipinda kwathu, wanga yemwe, ndipo ndinayamba kumufunsa kuti anthu amene amawaonera pa TikTok ndi ndani, mayankho ake ena sindinawakonde.

Tsiku lina amayi anafunsa kuti kodi m'makinamu mulibe za Chichewa. Ndinawaikira The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, si series koma filimu, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu ndi makina ake amphepo, imene Chiwetel Ejiofor anajambulira konkuno. Tsiku limenelo DJ anapuma. Anaseka Chichewa cha bambo wa mufilimuyo, amati akulankhula ngati wansembe wachizungu wangofika kumene, koma pa za njala ya 2001 ndi 2002 sanaseke, anayamba kutchula maina a anthu a m'mudzi mwathu amene sanaione mvula yotsatira. Itatha anafunsa kuti episodi yachiwiri ili kuti. Ndinati yatha amayi, ndi imodzi yomweyi. Anati anthu a ku Korea akwanitsa 16 za mayi wogulitsa kabichi, ife nkhani zonse zili m'mudzi muja tikulephera chani, ndipo ine ndinalibe choyankha.

Bala linapola mu September, anabwerera ku Ntcheu ndi thumba la mankhwala ndi malamulo a zakudya amene ndikudziwa kuti sakuwatsata. Kumudzi netiweki ndi yokwera pachulu, foni yawo ndi ya mabatani. Sabata yatha andiflasha kawiri motsatizana, ine mtima phaa kuganiza kuti mwendo wayambanso, ndaimba msangamsanga, iwo moni wachidule kenako, "Kodi a Mwale aja zinatha bwanji, paja tinawasiya pamwamba pa nyumba?" Sizoni yachiwiri ilipo, inatuluka mu May 2025, tinangosowa nthawi. Nde panopa ndikuonera episodi imodzi Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa ndimagula mayunitsi n'kuwaimbira kuwafotokozera yonse, iwo ali pachulu, ndipo ndikumva kuti pamakhalanso azimayi ena awiri a mpingo amene sanaonepo n'kamodzi komwe nkhope ya Zenzi koma akufuna kudziwa ngati mwamuna uja anali woona mtima.